Galimoto ya denga lansalu ikagubuduzika, mutu umatetezedwa ndi chiyani?

Wa_ku_Matawale:
Akuluakulu, kuno ku Zomba wina akugulitsa Mazda Roadster ya 2001 yochokera ku Japan, ija ya mipando iwiri ndi denga lopinda. Mtima wagwapo, koma kunyumba andifunsa funso limene landisowetsa chonena: itagubuduzika potsika ku Chawe, mutu utetezedwa ndi chiyani? Kuseri kwa mipando kuli tizitsulo tiwiri tonyezimira topindika. Tingadalirike? Nanga ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?

Makaniko_Chinamwali:
Achimwene, dengalo ndi la mvula ndi dzuwa basi. Galimoto yotereyi ikagona chagada imatsamira pa felemu ya galasi lakutsogolo ndi pa chitsulo cha kuseri kwa mipando, ndipo lamba ndiye amakusungani pakati pa ziwirizi.

Tsono Roadster ya 2001, imene amati NB, sinatuluke ku fakitale ndi roll bar, chitsulo cholimba choteteza mutu galimoto ikagubuduzika. Tonyezimirato wina anachita kuikapo, ndipo tambiri ndi tokongoletsa chabe. Vundukulani kapeti muone pamene tamangidwa. Ngati tagwira pa mabauti awiri okha m'mwambamu, pa ngozi titha kupindikira kutsogolo n'kukumenyani m'khosi. Kuli bwino kutichotsa. Roll bar yeniyeni imakhala ndi miyendo inayi yofika pa thupi la galimoto, mbale zachitsulo kunsi kwa mabauti, paipi yopanda msoko ya mamilimita pafupifupi 45, komanso chokutira chofewa pomwe mutu ungagunde. Ya paipi ya madzi yowotcherera pamsika ayi ndithu.

Muyese chonchi: khalani pampando bwinobwino, mnzanu akoke chingwe kuchokera pamwamba pa galasi kufika pamwamba pa chitsulocho. Mutu ukhale pansi pa chingwe ndi masentimita 5 kapena kuposa. Ukatulukira, pansi padzayamba kufika mutu.

Galimoto zina zinabwera nazo kale zitsulozi: BMW Z4 ya 2002 mpaka 2008 ndi Mercedes SLK zili ndi zitsulo zokhazikika, pomwe Mercedes SL ya 1989 inayambitsa chitsulo chobisika chimene chimavumbuluka chokha m'masekondi 0.3 galimoto ikayamba kupendekeka.

Mmisiri_wa_ku_Sadzi:
Ndionjezere za kunsi. Popeza denga palibe, mphamvu yonse ili m'zitsulo za pansi pa zitseko ndi pansi pa galimoto. Pa NB madzi a padenga amatsika m'timapaipi tiwiri ta kuseri kwa mipando. Tikatsekeka ndi masamba, madzi amadikha mkati ndipo dzimbiri limadya chamkati penti ikuoneka yabwinobwino. Ndi mvula ya kuno, musapeputse zimenezi. Ikwezeni, gogodani kutsogolo kwa matayala akumbuyo, dutsitsani maginito: pamene sakugwira pali phala lobisa bowo. Felemu ya galasi ikaoneka kuti inawongoledwapo ndi moto kapena kuwotcheredwa, isiyeni ngakhale atsitse mtengo.

Mayi_Zamagetsi:
Tembenuzani kiyi osaliza injini. Kagetsi ka airbag kayake masekondi angapo kenako kazime. Kakapanda kuyaka n'komwe, n'kutheka kuti wina anachotsa babu kuti abise vuto, ndipo mwina m'chiwongoleromo mulibe kanthu. NB ili ndi ma airbag akutsogolo okha, a m'mbali mwa mipando anadza ndi Roadster yotsatira, NC ya 2005. Choncho lamba ndiye mwini nkhani. Mukokeni yense mpaka kumapeto, muone ngati wathetheka ndi dzuwa kapena anasokedwapo, kenako mumutsomphole mwamphamvu, agwire nthawi yomweyo.

Wokonza asakhudze mapulagi achikasu asanachotse batire (pa galimotoyi lili m'buti) n'kudikira mphindi zingapo, ndipo asapime airbag ndi mita yoyezera magetsi, itha kuphulika. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo musauike kutsogolo kwa airbag yogwira ntchito, ndipo apa mpando wina kulibe.

Dalaivala_M3:
Nonse mukukamba ngati yagubuduzika kale. Galimotoyi ndi yofupika, simatembenuka chisawawa, pokhapokha tayala likagwera mu ngalande kapena kukwera chiunda. Chimene chimaifikitsa kumeneko n'chakuti imakoka ndi matayala akumbuyo, imalemera tani imodzi ndi pang'ono, ndipo NB ilibe makina aja oiwongola ikayamba kuterera. Ma NB ena alibenso ABS, makina oletsa matayala kumangika poponda buleki mwamphamvu, choncho onani ngati kagetsi kake kalipo. Pa tayala werengani manambala anayi otsiriza a pambuyo pa zilembo za DOT, osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 ndi sabata la 23 la 2019. Lopitirira zaka 6 limauma ngakhale mizere ilipo, ndipo pa kona yonyowa ya kuphiri limataya kumbuyo. Mafuta a mabuleki sinthani zaka ziwiri zilizonse, chifukwa amayamwa chinyezi n'kuwira potsetsereka. Tsikani ndi giya 2 kapena 3, pajatu m'makona muja mumakumana ndi njinga za nkhuni.

Wa_ku_Matawale:
Zikomo nonse. Nanga nditaika malamba anayi aja a mpikisano, sizingathandize?

Makaniko_Chinamwali:
Popanda roll bar yeniyeni musayerekeze. Amakumangani chilili, thupi silingathe kuwerama, ndiye galimoto ikatembenuka kulemera konse kumagwera pakhosi. Sungani lamba wa fakitale, muyambe mwaika chitsulo.