Zomwe ndapeza pa funso langa lija la khate

Mwezi watha ndinafunsa kuti mchimwene wanga, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ku Ndirande, khate analitenga kuti, popeza m'banja mwathu palibe amene anadwalapo matendawa. Tsopano ndabwera ndi zomwe achipatala anatifotokozera.

Kachilombo ka khate, Mycobacterium leprae, kamafala kudzera m'timadontho totuluka m'mphuno ndi m'kamwa mwa wodwala amene sanayambe kumwa mankhwala, ndipo pamafunika kukhala naye moyandikana kawirikawiri kwa miyezi yambiri. Munthuyo sachita kukhala wa m'nyumba mwanu ayi; akhoza kukhala mnzanu wa kuntchito, woyandikana naye nyumba, kapena amene mumayimba naye kwaya sabata ndi sabata. Kafukufuku wa ku Karonga anasonyeza kuti ambiri mwa odwala atsopano sankakhala nyumba imodzi ndi wodwala wodziwika. Kupatsana moni wa padzanja kapena kukhala mpando umodzi mu minibasi ya ku Limbe sikupatsirana khate.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti zizindikiro zimatha kuoneka patadutsa zaka 5, nthawi zina mpaka 20, choncho kuloza munthu chala n'kulakwa. Mchimwene wangayo anayamba ndi chigamba chotuwa pamkono, chomwe sichinkamva ngakhale singano itamubaya.

Iye wayamba kumwa rifampicin, dapsone ndi clofazimine, mankhwala aulere omwe amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo wodwala akangowayamba amasiya kupatsira ena. Anzake awiri a pakhondepo avomera kukapimidwa khungu Lachiwiri likubwerali, ndipo ine ndidzawaperekeza.