Za ampu ija inkatentha: vuto linali gain

Abale, ndabweranso ndi nkhani ya ampu (chokuzira mawu) ya m'galimoto mwanga ija ndinakufunsani, yomwe inkatentha n'kudzizimitsa yokha, sabu (sipika ya besi) ikulira mosasa ndikangokweza voliyumu.

Amene anandiikira anapotokola gain (kabatani kopotokola ka pa ampu) mpaka kumapeto poyesa kuti ndi voliyumu yachiwiri. Ayi ndithu. Ntchito ya gain ndi kugwirizanitsa mphamvu yochokera ku wailesi pa mawaya a RCA (otengera mawu ku ampu) ndi yomwe ampu ingalandire. Ikapyola, mawu amaduka pamwamba, zomwe amati clipping, ndipo koyilo ya sabu imatha kupsa.

Ndinachotsa mawaya a sabu, ndinazimitsa bass boost, voliyumu ya wailesi ndinaiika pa magawo atatu mwa anayi, injini ikulira. Kenako ndinaika test tone (kulira kosasintha koyesera) ya 50 Hz, multimeter (mita yoyezera magetsi) ili pa AC pomwe pamalumikizidwa sabu. Ampu yanga ndi ya 500 watts RMS (mphamvu yomwe imatulutsa mosalekeza) pa 2 ohms: 500 kuchulukitsa ndi 2 ndi 1000, square root yake ndi 31.6, omwe ndi mavolti ofunika. Ndinakweza gain pang'onopang'ono mpaka mita inaonetsa mavolti amenewo.

Kabatani ka gain kaja kaima chapakati. Besi ikugunda moyera, ampu ikungofunda pang'ono. Chonde powerengera tengani nambala ya RMS, osati ya peak (mphamvu ya kanthawi kochepa chabe) yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni ya ampu.