A dayilekita athu akutithawitsa ku bungwe, tikawanenere kuti?

Wotopa: Abale ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza ana amasiye, ntchito ndimaikonda ndi mtima wonse koma a dayilekita athu, amenenso anayambitsa bungweli, atitopetsa. Amatikalipira pagulu, malipoti tikumalemba mpaka usiku popanda ovataimu, ukadandaula amangoti kuno sitinabwere kudzalemera, tikuthandiza ana. Anzanga aluso akungochoka mmodzimmodzi ndipo amene akuvutika ndi anawo, chifukwa akangozolowera munthu, mawa wapita. Tikadandaule kuti poti bungwe amaliona ngati lawo?

MayiAwiri: Pepani achimwene. Bungwe si lawo, lili ndi bodi, ndipo bodi ndi imene imalemba ntchito dayilekita ndi kumuchotsa. Vuto ndi loti oyambitsa mabungwe ambiri amadzaza bodi ndi anzawo ndiye bodiyo imangovomera zilizonse. Fufuzani kaye kuti mu bodimo muli ndani. Musapite nokha, lembani kalata anthu angapo, muikemo masiku, zomwe zinanenedwa komanso chiwerengero cha anthu omwe achoka.

Mphunzitsi_wakale: Zimachitika ngakhale mmabungwe akuluakulu. Mu 2018 anthu awiri ogwira ntchito ku Amnesty International anadzipha, ndiye bungwelo linaitana kampani ya KonTerra kudzafufuza. Lipoti linatuluka mu 2019 ndipo linapeza kuti mabwana ankazunza ndi kuchititsa manyazi antchito, mpaka akuluakulu 7 ananena kuti ndi okonzeka kutula pansi maudindo. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu limenelo! Anthu amapirira nkhanza poti amakhulupirira ntchitoyo, mabwana enanso amadziwa zimenezo nkumapezerapo mwayi. Thanzi lanu musalinyalanyaze chonde.

Wotopa: Zikomo nonse. Ena akuti tilembere madona, amene amapereka ndalama ku bungweli, basi.

Chete_chete: Apo pokha samalani. Madona akamva fungo la vuto amatha kuimitsa ndalama, ndipo makontirakiti anu amadalira pulojekiti, oyamba kukhala pakhomo ndinu, ana nawo thandizo latha. Ngati pali kuba ndalama kapena kuzunza ana, nenani lero lomwe osadikira, madona ambiri ali ndi njira yoululira mwachinsinsi. Koma ngati ndi khalidwe la bwana, yambani ndi wapampando wa bodi, mupemphe kuti munthu wakunja adzafunse onse, ngakhale amene anachoka, iwowo alibenso choopa ndiye adzalankhula zonse.