Underworld: Evolution yandikhumudwitsa, kodi ndi ine ndekha?

Chisomo_A25

Abale okonda mafilimu a mavampaya, tandithandizeni maganizo. Underworld yoyamba ija ya 2003 ndimaikonda koopsa, ndiye Loweruka ndinakaikitsa pa flash yachiwiri yake, Evolution ya 2006, ndimati ndione nkhani ikathera pati. Koma eeh ndakhumudwa ine.

Chimene chinandikoka mu yoyamba ndi tauni ija. Mvula ikungogwa usiku, anthu akuthamangira sitima yapansi pa nthaka osadziwa kuti munthu wayima pambali pawoyo ndi vampaya kapena Lycan (munthu wosanduka mmbulu), kenako mfuti zangoyamba kulira. Anajambulira ku Budapest ndipo nyumba zakale zija zimachita kuonekeratu kuti mkatimo muli zinsinsi. Mavampaya akukhala m'chinyumba chachikulu atatchena ngati mabwana, pomwe ma Lycan akubisala m'ngalande zapansi pa tauni, ndiye pamwamba pake pali ndale, vampaya Kraven anapangana mobisa ndi Lucian, mtsogoleri wa ma Lycan, kuti alande mpando, Viktor, mkulu wa mavampaya, naye analera Selene, mwini filimu, ngati mwana wake akumunamiza kuti banja lake linaphedwa ndi ma Lycan chikhalirecho anapha ndi iye yemwe. Munthu umaonera mtima uli m'mwamba chifukwa sukudziwa wokhulupirika ndi ndani.

Mu Evolution tauni mulibe. Angotitengera kunkhalango, kumapiri, pa sitima yapamadzi, kenako kundende yakalekale. Kraven yemwe ndimadikira kuti ayankhe milandu yake amupha filimu itangoyamba kumene. Chatsala ndi Marcus, vampaya woyamba, kuuluka ndi mapiko akubaya aliyense amene wakumana naye. Kodi enanu munaiona bwanji? Ndipitirize ndi zotsatirazo kapena ndilekere pomwepa?

Mphatso wa ku Kawale

Achemwali simuli nokha ayi. Koma kwa ine vuto si tauni kwenikweni, vuto ndi loti anthu awiri amene ananyamula filimu yoyamba onse anafa mu yoyamba momwemo. Lucian ndi Viktor. Michael Sheen anasewera Lucian mwakuti umayamba ukumuda, pofika kumapeto ukumumvera chisoni utadziwa kuti mkazi wake Sonja anawotchedwa ndi dzuwa iye akuona atamangidwa maunyolo, mlandu wake kungotenga mimba ya Lycan basi, ndipo amene analamula ndi Viktor, bambo ake enieni a mtsikanayo. Nkhondo yonse ija gwero lake linali pamenepo.

Ndiye mu yachiwiri atipatsa ndani? William, m'bale wake wa Marcus, sayankhula ngakhale liwu limodzi, ndi chilombo chabe. Bill Nighy, amene anasewera Viktor, amangooneka pang'ono koyambirira kuja pomwe akuonetsa za chaka cha 1202. Mdani woti sungamve mbali yake sakoma kuonera.

Musalekere pomwepo koma. Pezani Rise of the Lycans ya 2009, imabwerera m'mbuyo kukafotokoza za Lucian ndi Sonja kuyambira pachiyambi, Sheen ndi Nighy onse alimo. Tauni simuipeza umo chifukwa ndi za makedzana, koma mtima wa nkhani ulimo.

Tadala_Biwi

Ine ndikutsutsani nonse awiri, mundikhululukire. Evolution anthu mumaiweruza ndi zipolopolo zokha koma muli nkhani yolemera imene yoyamba inangotchula mongodutsa. Alexander Corvinus uja, amene anasewera Derek Jacobi, ndi bambo wa onse. Mwana wake Marcus analumidwa ndi mleme, William analumidwa ndi mmbulu, wachitatu anakhala munthu wamba ndipo mtundu wake ndi umene unadzabala Michael, chibwenzi cha Selene. Mdala ameneyu zaka mazanamazana wakhala akutumiza anyamata ake kukachotsa mitembo ndi kufafaniza umboni nkhondo ikachitika kuti anthu asadziwe kanthu. Ndiye achemwali chinsinsi cha m'tauni chomwe mukuchikondacho amachisunga ndi iyeyo, popanda iye bwenzi zonse zili poyera kalekale.

Ndipo pamene Selene akumufunsa chifukwa chiyani sanawaletse ana akewo, iye akulephera chifukwa ndi ana ake, angalakwe chotani. Pamenepo ine panandikhudza kwambiri. Tonse tikudziwa makolo amene amalipira milandu ya mwana wovuta mpaka kugulitsa munda koma osalola kuti apite kundende.

China, yachiwiriyi ndi imene imatiuza chifukwa chenicheni chimene Viktor anaphera banja la Selene. Bambo ake a Selene ndi amene anamanga ndende ya William, ndiye Viktor anawapha kuti malowo asadziwike, ndipo kamkanda ka Sonja ndi mbali ya kiyi wake. Zimenezo si zazing'ono.

Chisomo_A25

A Tadala za Corvinus ndikugwirizana nanu kuti ndi munthu wofunika, koma taonani mmene anamutayira. Wangofika, wayankhula pang'ono, Marcus wamubaya, wapatsa Selene magazi ake, sitima yaphulika, watha. Munthu woti akanatha kunyamula filimu yonse payekha.

Ndipo magazi amenewo ndi amene anandipweteka kwambiri. Mu yoyamba malamulo anali omveka, vampaya amaopa dzuwa mpaka ma Lycan amagwiritsa ntchito zipolopolo zokhala ndi kuwala kwa UV, ma Lycan amaopa siliva, akuluakulu atatu a mavampaya amalamulira mosinthana, mmodzi ali maso zaka 100 awiri ali mtulo. Umadziwa chimene chingaphe munthu amene ukumukonda ndiye umamuopera. Pano Michael wabayidwa pachifuwa wafa, Selene walira, patapita kanthawi wadzuka yekha ali bwinobwino. Kumapeto Selene wayima padzuwa osapsa. Nanga tsopano ndizimuopera chiyani? Ngakhale imfa ya Marcus ya pa mapiko a helikopita ija, yooneka bwino inde, koma ine ndinali nditaleka kale kusamala.

Bambo a Yankho, Area 23

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiikepo mlomo. Mayi Chisomo zimene mukunena za tauni ndikuzimva, mwina kuposa mmene mukuganizira. Kwathu ndi ku Mulanje. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka kumeneko ndi ku Phalombe, kenako nkufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, anthu amagona panja m'magulu, anyamata akutseka misewu nkumasecha galimoto iliyonse, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa pongowaganizira. A UN anachotsa antchito awo m'maboma awiri oyambawo. Panalibe wopopa magazi ndi mmodzi yemwe amene anapezeka, koma mantha oti mlendo amene wadutsa pakhomo pako mwina si munthu wabwinobwino anali enieni, ndipo amene anavutika ndi alendo, odwala misala ndi azaumoyo.

Nchifukwa chake filimu ya mavampaya ikachoka pakati pa anthu wamba nkupita kukamenyana kumapiri, kwa ine yataya mbali imene imaopsadi. Awakening ya 2012 inayamba ngati ikufuna kugwira pamenepo, anthu atulukira kuti mavampaya ndi ma Lycan alipo ndiye boma layamba kuyeza anthu ndi kupha aliyense wopezeka ndi kachilombo kosandutsa munthu vampaya kapena Lycan, khomo ndi khomo. Ndinakhala tsonga ndikuti tsopano afunsa funso lenileni, kodi osalakwa angati anafera m'menemo? Koma anangodutsapo mphindi zochepa, Selene nkumuumitsa mu labu zaka 12, podzuka nkhani yasanduka yothamangitsana ndi chi Lycan chachikulu. Scott Speedman, amene anasewera Michael, sanabwerere nkomwe, ndiye Michael amene Selene anamulirira uja amangooneka mwa apo ndi apo.

Mphatso wa ku Kawale

Bambo a Yankho mwanena zoona, pepani ndi zimene munadutsamo kwanuko. Achemwali a Chisomo, Rise of the Lycans ndili nayo pa laputopu, yosamasulira, mawu ake enieni. Ndimakhala ku Old Town mkati mwa sabata, ndilembereni ku inbox mubwere ndi flash yanu. Blood Wars ya 2016 ndilinso nayo koma imeneyo muyambe mwaonera ya Lucian kaye.