Maluwa a rozi mu greenhouse: ndigule malo ku Kasungu kapena ku Mchinji?

Mlimi wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali malo awiri a mahekitala 5 aliwonse oti nkuyambapo ulimi wa maluwa a rozi mu greenhouse (nyumba ya pulasitiki yolimiramo mbewu). Ena ali ku Kasungu, pa esiteti yakale ya fodya, makilomita 4 kuchokera pa M1, koma madzi ake ndi a chitsime chokumba ndi makina. Ena ali ku Mchinji pafupi ndi mtsinje wa Bua, mtengo wake ndi wotsika kwambiri, koma pali makilomita 18 a msewu wafumbi musanafike pa tala. Cholinga nkuyamba ndi hekitala imodzi. Kodi ndalama zimathera pati kwenikweni?

Nabanda:
Bambo, mtengo wa malo muuike kumapeto. Poyerekeza ndi zitsulo, pulasitiki, mapaipi a dripu (othirira modontheza), mbande ndi chipinda chozizira, malo ndi kachigawo kakang'ono. Yambani ndi madzi.

Hekitala imodzi ya rozi imamwa malita 50,000 mpaka 70,000 patsiku nyengo yotentha, ndipo rozi sadziwa kuti kuli chilimwe. Chitsime chotulutsa malita 2 pa sekondi, chikapopedwa maola 10, chimapereka malita 72,000. Ndiye kuti chokwanira hekitala imodzi yokha, osatsalako. Musakhulupirire zimene akunena mwini malo: chitsimecho chiyesedwe popopa maola 24 osaleka mu Okutobala kapena Novembala, madzi atatsika, osati mu Epulo.

Kenaka madziwo apite ku labu. Onetsetsani mchere, muyeso wake wotchedwa EC usapitirire 0.7, komanso ayironi ndi bicarbonate. Ayironi akachuluka amatseka timabowo ta dripu, mizere ina nkumauma ina ikunyowa. Bicarbonate amakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi), pomwe rozi amafuna 5.5 mpaka 6.5, ndiye mudzakhala mukugula asidi mwezi uliwonse. Madzi a Bua ali ndi vuto lawo: matope nthawi ya dzinja, zomwe zimafuna damu lodekhetsera ndi zosefera za mchenga, kuphatikizapo chilolezo cha National Water Resources Authority.

Kulikonse mungasankhe, siyani malo a damu. Denga la hekitala imodzi, mvula ikagwa mamilimita 800, limakolola malita 8 miliyoni a madzi opanda mchere. Ndi madzi a miyezi inayi kapena isanu amenewo.

WaKuMkanda:
Mayi Nabanda anena zoona, koma ine ndikufuna mudziwe kaye kuti maluwawo agula ndani, chifukwa nkhani ya msewu yagona pamenepo.

Hekitala imalowa mbande 60,000 mpaka 80,000. Mitundu ya rozi ya mitu yapakati (maluwa osakula kwambiri) ikasamalidwa bwino imatha kupereka maluwa pafupifupi 200 pa sikweya mita pachaka. Ndi maluwa 2 miliyoni amenewo, pafupifupi 38,000 sabata iliyonse. Maukwati, maliro ndi mahotela a ku Lilongwe ndi Blantyre sangamalize amenewo. Ngati msika wanu ndi wa konkuno, mangani kagawo kachisanu ka hekitala, basi. Ngati ndi wa kunja, hekitala imodzi yachepa, chifukwa ndi katundu wongopitirira tani imodzi pasabata, ndipo a ndege sangakusungireni malo pa mtengo wabwino. Kuchokera ku Kamuzu International Airport kulibe ndege yolunjika ku Ulaya; katundu amadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo pamene akusinthitsa ndege mpamene maluwa amatenthedwa.

Duwa likadulidwa liyenera kulowa m'madzi nthawi yomweyo, nkufika m'chipinda cha madigiri 2 mpaka 4 ola lisanathe. Bwalo la ndege lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe pa M1 pomwepo, choncho wochokera ku Kasungu amafika asanalowe mumzinda. Wa ku Mchinji amayenda makilomita oposa 100 pa M12 nkukhotera kumpoto. Kusiyanako si kwakukulu. Choopsa ndi makilomita 18 aja. Msika waukulu wa rozi ndi wa pa 14 Febuluwale, tsiku la Valentine, mvula ili pachimake. Galimoto yozizira ikatitimira tsiku limodzi sabata imeneyo, phindu la miyezi lapita. Mabampu nawonso amakhulitsa mitu m'makatoni, ndipo pokhulikapo mpomwe matenda oolesa maluwa a botrytis amayambira.

Funsaninso mtunda wofika pa mzere wa ESCOM wa 3 phase (magetsi amphamvu oyendetsa makina akuluakulu). Kukoka mawaya ndi kugula thiransifoma ndi udindo wanu, ndipo jenereta kapena sola ya chipinda chozizira siyosankha.

Mlangizi wa zamaluwa:
Ndionjezepo za nyengo, poti malo onse awiriwa ali pa chigwa chimodzi, mamita 1,000 mpaka 1,300 kapena kupitirirako pang'ono. Naivasha ku Kenya ili pa mamita pafupifupi 1,900. Usiku wozizira wa kumeneko ndi umene umakulitsa mutu ndi kutalikitsa phesi. Kwathu kuno duwa limafulumira kukhwima, maluwa amachuluka koma mitu imachepa, makamaka mu Okutobala pamene m'kati mwa pulasitiki mumapitirira madigiri 35. Tsono musadziyerekeze ndi Kenya. Onani alimi ozungulira Lusaka, omwe ali pamtunda wofanana ndi wathu, ndipo amadalira mitundu ya mitu yaing'ono ndi yapakati. Mitundu imeneyi mtengo wake pa duwa ndi wotsika, ndiye ndalama ya ndege imadya gawo lalikulu.

Greenhouse ikhale yaitali, ngalande za denga pa mamita 4 kapena kuposa, yotsegula pamwamba, pulasitiki yokhuthala 200 micron yomwe mudzasintha pakatha zaka zitatu. Imangidwe pamalo odutsa mphepo, osati m'dambo. Ichi ndicho chikundidetsa nkhawa ndi malo a ku Bua: chinyezi cha m'mawa chimabweretsa matenda a downy mildew, masamba nkuyoyoka m'masiku ochepa, ndipo mankhwala ake amagulidwa ndi madola.

Malo a ku Kasungu nawo musawakhulupirire msanga. Dothi lomwe lalimidwa fodya zaka zambiri nthawi zambiri limakhala ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu, ndipo rozi amakhala pamalo amodzi zaka 5 mpaka 7. Tengani dothi m'malo angapo, likayezedwe ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze. Akapezeka ochuluka, muwerengere ndalama zobzala m'matumba a coco peat (makoko a kokonati ogayidwa) pamwamba pa nthaka. Onaninso lisi ya esitetiyo kuti yatsala zaka zingati, chifukwa banki sibwereketsa pa pepala lotha ntchito mawa.

Nabanda:
Bambo a ku Santhe, ngati chitsime cha ku Kasungu chapitirira malita 2 pa sekondi mu Okutobala ndipo labu yavomereza, tengani kumeneko ngakhale akukweza mtengo. Manematodi ali ndi njira yake, koma msewu wa makilomita 18 simungaukonze nokha. Chikalephera, funani malo achitatu pafupi ndi M1, chakumwera kwa Kasungu, ndipo musalipire kalikonse wogula maluwa asanakuuzeni mtundu ndi utali wa phesi umene akufuna.