Achimwene anga ayamba kuiwala ntchito zomwe ankazidziwa bwino: ndi chisoni kapena matenda?

Mlongo_wa_ku_Dedza:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimasamalira achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, a zaka 52. Anabadwa ndi Down syndrome, vuto lomwe limachedwetsa kukula ndi kuphunzira, ngakhale kuti dzinali tinalimva iwo atakula kale. Sukulu sanapite nayo patali, koma ntchito zawo ankazigwira kuposa tonsefe. M'mamawa asesa bwalo, atsegulira nkhuku, Lamlungu ndi iwo oyamba kufika kutchalitchi kukayala mabenchi. Chimanga ankatong'ola dengu lonse osadzukapo.

Kuyambira chaka chatha zasintha. Tsache amangoligwira n'kuima nalo. Malaya amavala motembenuza. Pakhonde pathu pali kasitepe kamodzi komwe akhala akukwera zaka zonsezi, koma pano amaima pamenepo akunjenjemera ngati akuwoloka mtsinje wodzaza, mpaka ndiwagwire dzanja. Chondipweteka kwambiri ndi madzulo. Dzuwa likangopendeka amanyamula kachikwama kawo, ati akupita kwa amayi. Amayiwo anatisiya chaka chatha mu Epulo. Sabata yatha anawabweza ndi anyamata akabaza, atafika kale kumsewu wa M1.

Ndinapita nawo kuchipatala chaching'ono, anangoti "anthu oterewa ndi mmene alili," n'kutipatsa panado. Koma ine ndakula nawo, mmene alili ndimadziwa, ndipo si mmenemu. Amalume akuti tikaombeze, akukayikira gogo wina woyandikana nafe. Ndiyambire pati?

Namwino_wopuma:
Pepani kwambiri achemwali. Mawu anu akuti "si mmenemu" ndiwo ofunika kuposa onse. Kwa munthu ngati achimwene anu, mafunso omwe madokotala amayezera kukumbukira, monga akuti lero ndi pa chani kapena chotsani 7 pa 100 sathandiza, chifukwa mwina sakanawayankha ngakhale ali mnyamata. Timamuyerekeza ndi iye mwini wakale. Choncho tengani kope mulembe: ankatha chakuti, anasiya mwezi wakuti.

Ma chromosome ndi tinthu ta m'thupi tonyamula malangizo a chibadwa. Anthu a Down syndrome ali ndi chromosome 21 itatu m'malo mwa iwiri, ndipo pa chromosome imeneyi ndi pamene pali malangizo opangira chinthu china chotchedwa amyloid chomwe chimaunjikana muubongo pa matenda a Alzheimer. N'chifukwa chake dementia, kufooka kwa ubongo komwe matenda a Alzheimer amabweretsa, imawapeza msanga, ambiri akangodutsa zaka 50. Kawirikawiri imayamba ndi kusintha khalidwe ndi kutaya luso, kuiwalaiwala n'kumadza pambuyo.

Koma musafulumire kugamula. Pali zina zochizika zomwe zimaoneka chimodzimodzi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka munthu amazizira thupi, kugonagona ndi kuchedwa kuganiza, ndipo vutoli n'lofala kwa anthu a Down syndrome. Makutu akhoza kutsekeka ndi phula, maso kuchita ng'ala, magazi kuchepa, kapena matenda a m'chikhodzodzo. Chisoni cha maliro a amayi nachonso chingathe kumufoola munthu chotere. Pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, mufunse ogwira ntchito ya matenda a maganizo, ndipo mupemphe kuti ayezedwe zonsezi. Zikavuta akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central, komanso a St John of God, othandiza pa matenda a maganizo, ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Akadzangogwa ngati khunyu, thamangani nawo tsiku lomwelo, chifukwa zimachitika pa matendawa ngakhale kwa munthu yemwe sanagwepo.

Wa_ku_Leeds:
Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno ku UK, ndipo zamadzulozo ndimaziona tsiku ndi tsiku. Chonde musamawauze mobwerezabwereza kuti amayi anamwalira. Akaiwala, uthengawo amaumva ngati woyamba, ndiye kuti akulira maliro atsopano madzulo aliwonse. Ingowafunsani, "Mwawasowa amayi eti? Ankakuphikirani chiyani?" Kenako yendani nawo pang'ono, mubwerere limodzi kudzamwa tiyi. Yatsani nyale kusanade. Kasitepeko pakani utoto woyera m'mphepete mwake, chifukwa ubongo umasiya kuzindikira kuya kwa malo. Mankhwala ngati donepezil amathandizako ena kwa kanthawi, koma sachiza. Ndipo tsachelo musawalande, sesani nawo limodzi.

Mphunzitsi_wa_ku_Mwanza:
Ine zachipatala ndisiyira odziwa, koma za amalumezo zandiopsa. Mu Januwale 2016 ku Neno kuno pafupi anapha okalamba anayi powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Zimayamba chonchi, ndi mawu a m'banja. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likadalipo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ganiziraninso izi: achimwene anuwo akadzapezeka usiku pakhomo pa eni, osatha kufotokoza kuti akuchokera kuti, ndi iwo amene adzatchedwe mfiti. Kawaonetseni kwa amfumu, kwa akulu ampingo ndi kwa akabaza aja, anthu adziwiretu kuti akudwala.

Mlongo_wa_ku_Dedza:
Zikomo nonse, ndabweranso patatha milungu itatu. Kope lija ndinalemba masamba anayi, ndikulira, chifukwa polemba ndi pamene ndinazindikira kuti anasiya kutsegulira nkhuku amayi akadali moyo. Ndiye kuti si chisoni chokha ayi. Titapita kuchipatala, adokotala anawerenga lonse, sanatithamangitse. M'khutu lakumanja anatulutsamo phula lalikulu ngati nyemba, ndipo pano ndikawaitana ndili kukhitchini amatembenuka. Magazi a chithokomiro atenga, tikudikira zotsatira. Atiuza kuti tibwerere pakatha miyezi itatu ndi kope lomwelo kuti ayerekeze.

Amalume ndinapita nawo dala kuti akamve okha. Sanayankhule zambiri pobwerera, koma za gogo uja sanazitchulenso. Amfumu analengeza pamsonkhano, ndipo m'kachikwama kaja ndasokeramo kansalu kolembedwa nambala yanga.

Dzulo tinatong'ola chimanga limodzi. Ndinayamba ndine mzere woyamba n'kuwapatsa, manja awo anapitiriza okha mpaka zitsononkho zinakwana zisanu ndi chimodzi. Funso langa tsopano ndi la kusamba: akukana madzi, ndipo ine monga mlongo wawo sindingawasambitse. A ku Leeds, kumeneko mumatani?