Nyimbo yachimwenye koma akuti ndi ya ku Trinidad, Sundar Popo ameneyu ndi ndani?

Wapadepoti_KU:
Moni nonse. Ine ntchito yanga ndi yoika nyimbo m'mamemore khadi, kabenchi kanga kali kufupi ndi depoti pa Kasungu boma. Lachiwiri kunabwera dalaivala wa thiraki, akufuna ndimusamutsire nyimbo kuchoka mufoni yosweka galasi kupita muyatsopano. M'menemo munali kanyimbo kena kamene kakundisowetsa mtendere mpaka lero. Kayimbidwe kake n'kachimwenye ndithu, kam'mphuno kaja timakamva m'mafilimu, koma mawu ena ndi Chingelezi chothyokathyoka. Ng'oma yake ndiye ikuthamanga, moti mayi ogulitsa mandasi pambali panga anayamba kugwedeza mapewa osadziwa. Dzina lalembedwa kuti Sundar Popo. Pa YouTube akuti ndi wa ku Trinidad. Tsono mmwenye anakatani kufupi ndi kwawo kwa reggae uko? Ndipo ndiyiike mufoda iti? Panopa ili mu ya zachimwenye, koma mtima sukuvomera.

Chule_wa_Chulu:
Amwenye ali ponseponse achimwene, tangodutsani Mchinji mukaone pa Chipata. Mwina bambo ake anakatsegula shopu kumeneko kkkk.

Mphunzitsi_wopuma_Santhe:
A Chule, shopu ayi. Kuno tinazolowera kuona mmwenye ali kuseri kwa kauntala, ndiye timaganiza kuti onse anachoka kwawo ndi sikelo m'manja. Makolo a Popo anapita ndi chikwanje, kukadula nzimbe.

Angerezi atathetsa ukapolo m'ma 1830, eni minda ya nzimbe anasowa owalimira. Ndiye anakatenga anthu osauka ku India, ambiri a kumpoto, ku madera a Bihar ndi Uttar Pradesh, n'kuwadinditsa chala pa kontirakiti ya zaka zisanu. Sitima yoyamba, Fatel Razack, inafika pa chilumba cha Trinidad pa 30 May 1845, ndipo mpaka lero tsikuli ndi holide kumeneko. Ku Guyana anayamba kufika 1838, ku Suriname 1873. Zolemba anthu motere zinatha 1917, koma ambiri sanabwerere. Ife a Kasungu nkhaniyi isatidabwitse. Ndaphunzitsapo ana a matenanti amene makolo awo anakwera lole ku Mulanje ndi ku Thyolo, ati tikalime fodya chaka chimodzi tibwere ndi malata. Lero adzukulu awo ndi akonkuno, Chilomwe anangotsala nacho cha moni ndi cha m'nyimbo.

Popo anali mdzukulu wa amwenye odula nzimbe aja. Anabadwa 1943 ku Monkey Town, dera la Barrackpore, kummwera kwa chilumbacho. Mayi ake ankayimba, bambo ake ankaomba ng'oma zotchedwa tassa. Iye ankayimba m'makachisi ndi m'maukwati kwinaku akugwira ntchito yaulonda pa fakitale. Mwayi unamupeza 1969 pa mchezo wa ukwati ku Princes Town, pomwe muulutsi wa pawailesi Moean Mohammed anamumva n'kumutengera kokajambula ndi gulu la Harry Mahabir.

Ndikukhulupirira kuti yomwe muli nayoyo ndi Nana and Nani, ndiyo inamutchukitsa. Nana ndi agogo aamuna obereka mayi ako, nani ndi agogo aakazi. Ndi nthabwala ya nkhalamba ziwiri zakumudzi, kamowa kawo ndi kanjinga kawo. Chingelezi chomwe mukuti n'chothyokacho ndi mmene amayankhulira kwawoko, ndipo anachisakaniza ndi Chibhojpuri cha agogo. Achinyamata ambiri a nthawi imeneyo chinenero cha makolo chinali chitayamba kuwathawa, ndiye nyimbo yotere aliyense ankaimva, ngakhale anansi awo akuda. Ine ndimati luso lake lagona pamenepo, chifukwa mawu okha oyimbira analipo ena omuposa.

Mukamvetsera bwino mumva chitsulo chikulira ngwe ngwe ngwe pamwamba pa ng'oma. Chimenecho ndi dhantal, mtengo wautali wachitsulo umene amaumenya ndi kachitsulo kopindika. Ndikachimva ndimakumbuka limu ya galimoto yomwe tinkaipachika pa mtengo wa mango kusukulu kuti ikhale belu. Ng'omayo ndi dholak, yoomba mbali zonse ziwiri, ndipo kalimba kopopa ndi dzanja kaja ndi harmonium. Mtundu wa nyimbozi umatchedwa chutney, dzina la zokometsera ndiwo zowawa tsabola, abale ake a achali wa mango.

Anamwalira pa 2 May 2000, shuga atamuwonongera impso ndi mtima. Ku Debe, tawuni ya ku Trinidad komweko, anamuimikira chipilala. Koma ulemu umene ine umandigwira mtima ndi wa 1995, pomwe Black Stalin, munthu wakuda wamadiredi, anapambana mpikisano wa calypso, mtundu wina wa nyimbo za ku Trinidad, ndi nyimbo yotamanda Popo, m'dziko limene mitundu iwiriyi imakokana kwambiri pa ndale.

NaPhiri_wa_Kamwendo:
Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma mwadumpha amayi. Mchezo mwautchulawo amautcha matikoor, ndipo pachikhalidwe chake unali usiku wa amayi okhaokha ukwati usanachitike. Amayimba zolaula, kuseka apongozi, kumulangiza mkwatibwi za kuchipinda, ndendende zomwe timachita ife ndi anamkungwi abambo titawathamangitsa. Kayimbidwe ka chutney kanachokera kumeneko. Ndiye anthu akamati Popo ndi tate wa chutney sindikukana, koma nyimbozo zinali ndi amayi ake kale. Mwamuna atazitulutsa pabwalo anamuombera m'manja. Koma mayi woyimba chutney Drupatee Ramgoonai atatchuka 1988 n'kumayimba pa Carnival, chikondwerero chachikulu cha m'misewu, akuluakulu ena achipembedzo anati akuchititsa manyazi mtundu. Tangoganizani mnyamata wa kwa Mkanda atatenga nyimbo ya kutsimba n'kukaijambula, azakhali ake angamutani?

Mphunzitsi_wopuma_Santhe:
Mayi Phiri, pamenepo mwandigwira pakamwa. Ndionjezere kuti ku Suriname mayi wina dzina lake Dropati anatulutsa chimbale cha nyimbo za ukwati 1968, Popo asanamveke n'komwe.

Gadi_wausiku:
Ine zonsezi ndangogwirapo zoti anali mlonda. Ndimalondera shedi ya fodya usiku, mwezi wa June kuzizira kwake mukukudziwa, ndipo abwana miyezi iwiri tsopano akungoti mawa. Chomwe chimandithandiza kuti ndisagone ndi kuyimba ndekha, ndikumenya tochi pa chitsulo cha geti. Kani ndakhala ndikuimba dhantal osadziwa! A Wapadepoti, Loweruka ndikaweruka ndidutsa ndi khadi langa, koma ndalama ndilibe.

Wapadepoti_KU:
Zikomo aphunzitsi, zikomo mayi. Ndatsegula foda yatsopano, ndailemba Chutney, muli nyimbo zinayi tsopano. Dzulo wakabaza wina anaimva ikulira n'kufunsa ngati ndi Chisena. A Gadi bwerani, yanu ndi yaulere, koma mufike isanakwane 9 koloko chifukwa masiku ano magetsi akumazima m'mawa.